Dandelion: ndiwo zomwe zidasanduka mdani wa kapinga

Mmalawi amene wangofika kumene ku Britain m'mwezi wa Epulo sachedwa kukumana ndi kaduwa kena kachikasu. Kali paliponse: m'mbali mwa msewu, m'ming'alu ya simenti pokwerera basi, pabwalo la mpira, ngakhale kumanda. Masamba ake amayala pansi mozungulira ngati lichero, ndipo m'mphepete mwake ndi mosongokasongoka ngati mano a macheka. Phesi la duwalo ndi lobooka mkati ngati bango, ndipo ukalithyola limatuluka utomoni woyera ngati mkaka, wowawa ukaulawa. Pakapita masiku chikasu chija chimatha, n'kubwera kampira koyera ka timaubweya topyapyala, komwe ana amakauzira mpweya n'kumaonerera njere zikuuluka. Dzina la chomerachi ndi dandelion.

Mlendoyo akafunsa mzungu woyandikana naye nyumba, yankho limabwera msanga: ndi udzu wachabechabe, wosamva kuzula. M'sitolo zogulitsa zipangizo za kudimba muli mabotolo a mankhwala okhala ndi chithunzi cha kaduwa komweka kakufota, pamodzi ndi kachitsulo kamphanda kosulidwira ntchito imodzi yokha, yozula muzu wake. Makolo a mzunguyo akadauka n'kuona zimenezi akadagwira pakamwa. Kwa zaka zoposa 1,000 dandelion anali ndiwo, mankhwala ndi chakumwa, moti ena ankachita kumudzala m'dimba. Udaniwu ndi wa dzulodzuloli, ndipo chiyambi chake chimadziwika.

Mbiri yake imayambira m'mayina. Liwu lachingerezi lija lidachokera ku Chifalansa, dent de lion, kutanthauza dzino la mkango, chifukwa cha masamba aja. Ajeremani nawo amati Löwenzahn, tanthauzo lake lomwelo. Koma Afalansa eni ake adalisiya dzina laulemuli n'kutenga lina losapita m'mbali: pissenlit, kukodza pogona. Ankadziwa kuti wodya masambawa amataya madzi pafupipafupi, ndipo ku England ana ankaopsezedwa kuti akathyola maluwawa anyowetsa pogona usiku.

Akatswiri a zomera amamutcha Taraxacum officinale. Liwu lachiwirilo lidachokera ku officina, chipinda chosungiramo mankhwala m'nyumba za amonke, ndipo chomera chikapatsidwa dzina limeneli ndiye kuti chinkagulitsidwa kwa odwala. Loyambalo lidayenda ulendo wautali. Asing'anga otchuka a ku Persia, al-Razi cha m'ma 900 ndi Ibn Sina cha m'ma 1000, adalemba m'Chiarabu za chitsamba chowawa cha dzina lofanana ndi limeneli, ndipo Gerard wa ku Cremona, yemwe ankamasulira mabuku awo m'Chilatini mumzinda wa Toledo m'zaka za m'ma 1100, ndiye adalilowetsa ku Ulaya. Ku China adali atayamba kale. Mtundu wa kumeneko, pugongying, udalembedwa m'buku la mankhwala la mafumu a Tang m'chaka cha 659.

Kuti munthu amvetse chimene chinkawakokera anthu ku masamba owawa chonchi, ayenera kuganizira chisanu cha ku Ulaya kusanabwere mafiriji ndi ndege zonyamula masamba kuchokera ku Kenya. Kuyambira Novembala mpaka Febuluwale nthaka inkauma gwa, m'munda osamera kanthu. Banja linkakhalira buledi, nyama yamchere, nyemba zouma ndi kabichi wosungidwa m'migolo. Pofika Malichi anthu amakhala atafooka, ena nkhama zikutuluka magazi, matenda omwe lero amadziwika kuti amadza thupi likasowa vitamini C. Kuno ku Malawi njala ya Febuluwale imapeza m'nkhokwe muli mbee koma m'munda ndiwo zili mbwee. Kumeneko zinali zosemphana: ufa ulipo, chobiriwira palibe. Tsono chisanu chikangoyamba kutha, chimodzi mwa zomera zoyamba kutukula mutu m'madambo odyetsera ng'ombe chinali dandelion, waulere, wosalira khasu. Anthu ankati amatsuka magazi. Oyeza zakudya a masiku ano apeza kuti masambawa ali ndi vitamini A, C ndi K wambiri, komanso kashiamu, ayironi ndi potaziyamu. Amayi a kumudzi aja mayina amenewa sankawadziwa, koma ankaona ana awo akubwerera mwakale.

Kummawa kwa France, m'madera a Lorraine ndi Ardennes, mwambo wokathyola pissenlit ulipobe. Munthu amatenga dengu ndi mpeni wakale, wosamvetsa chisoni ukabunthira m'dothi, n'kulowera kudambo mmawa mame asanaume. Sathyola tsamba limodzilimodzi ayi. Amalowetsa mpeni pansi pa tsinde, n'kudula pamwamba pa muzu kuti chitsamba chonse chituluke chili chogwirana. Nthawi yake ndi duwa lisanamasule, pakuti likangomasula masamba amakhwima ndipo kuwawa kumanyanya. Odziwa amasakasaka timilu ta dothi tofukulidwa ndi kanyama kofanana ndi mfuko, chifukwa dandelion womera mmenemo sanaone dzuwa, masamba ake ndi oyera, ofewa, owawa pang'ono pokha. Kunyumba amawatsuka kangapo kuchotsa mchenga, amakazinga tizidutswa ta nyama ya nkhumba, n'kuthira mafuta ake otentha pamasamba aawisiwo pamodzi ndi viniga. Ena amaikamo mbatatesi zowiritsa kapena dzira. Maluwa nawo satayidwa: ku Franche-Comté amawaphika ndi shuga, malalanje ndi mandimu n'kupanga jamu wonga uchi wotchedwa cramaillotte. M'zaka za m'ma 1800 alimi a ku Montmagny, kufupi ndi Paris, adaona kuti wakutchire sakukwanira msika, ndipo adayamba kumulima m'mizere ngati mpiru. Mpaka lero pali mbewu ya dandelion yomwe imagulitsidwa ndi dzina la tauniyo.

Angerezi ankatsalira pankhaniyi, ndipo msing'anga wawo Nicholas Culpeper adawadzudzula m'buku lake la zitsamba la 1652, powauza kuti Afalansa ndi Adatchi amadya chomerachi chisanu chikangotha chifukwa amadziwa ubwino wake. Komabe nawonso ankafulula vinyo wa maluwa ake, ndipo chakumwa cha dandelion and burdock chikugulitsidwabe m'masitolo awo. Ngakhale ojambula sankamunyoza. Mu 1503 Albrecht Dürer adajambula kachigawo ka thengo wamba, udzu ndi zomera zomwe munthu amaponda osaziona, ndipo pakati pake padaima dandelion. Chithunzicho chikusungidwa ku Albertina, mumzinda wa Vienna.

Azungu powoloka nyanja kupita ku America, chomerachi chidawoloka nawo. Mu 1672 John Josselyn adalemba mndandanda wa zomera zomwe zidayamba kuoneka ku New England Angerezi atayamba kulima ndi kuweta ng'ombe kumeneko, ndipo dandelion alimo. Kwa atsamunda osauka anali chuma. Susanna Moodie, mayi wachingerezi yemwe adakakhala m'nkhalango za ku Canada, adafotokoza m'buku lake la 1852 momwe banja lake lidapezera khofi ndalama zitawathera. Pokumba mbatatesi ankatola mizu ya dandelion, kuitsuka osasenda khungu, kuidula tizidutswa ngati nyemba, kuikazinga mpaka ifiire, kenako kuipera. Ajeremani omwe adakhazikika ku Pennsylvania adazika mwambo wodya masambawa pa Lachinayi Loyera, ndipo ku Vineland, m'chigawo cha New Jersey, alimi ochokera ku Italy adawasandutsa mbewu yogulitsa, moti tauniyo idafika podzitcha likulu la dandelion padziko lonse.

Tsono chidalakwika n'chiyani?

Chidalakwika ndi kapinga. M'zaka za m'ma 1700 eni malo olemera a ku England adayamba kuzinga nyumba zawo ndi mabwalo aakulu a udzu wometedwa bwino, ndipo katswiri wokonza malo Capability Brown adawayalira mabwalo otere ambirimbiri. Bwalolo linali chilengezo cha chuma: mwini wake ali ndi nthaka yochuluka moti ina angathe kungoisiya osadzalapo chakudya, ndipo ali ndi antchito oisenga ndi zikwakwa. Munthu wamba sakadakwanitsa. Zinthu zidasintha mu 1830, pomwe Edwin Budding, mmisiri wa kufupi ndi Stroud, adalembetsa makina otchetchera kapinga. Nzeruyo adaitenga pa makina ometa ubweya wa nsalu m'fakitale za kwawo. Pang'onopang'ono kalaliki ndi mphunzitsi adayamba kukhala ndi kabwalo kawo, kotsanzira ka bwana.

Komwe nkhaniyi idafika pachimake ndi ku America nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha. Pakati pa 1947 ndi 1951 kampani ya banja la Levitt idamanga nyumba zoposa 17,000 ku Long Island, m'minda yomwe kale inkalimidwa mbatatesi, n'kupatcha malowo Levittown. Ogula ambiri anali asilikali obwera kunkhondo, ndipo nyumbazo zinkaperekedwa kwa azungu okhaokha. Nyumba iliyonse inali ndi kapinga kutsogolo, mipanda idaletsedwa, ndipo lamulo linkati udzu uzitchetchedwa kamodzi pa sabata m'miyezi yofunda. Popanda mpanda, bwalo la munthu limakhala pamaso pa mudzi wonse. Kaduwa kachikasu pakati pa kapinga kadayamba kuoneka ngati chizindikiro cha ulesi, ndipo njere zake zouluka zidasanduka mlandu pakati pa oyandikana nyumba.

Chida chomenyera nkhondoyi chidafika pa nthawi yomweyo. M'zaka za nkhondo akatswiri a ku Britain ndi ku America adapeza mankhwala otsanzira mahomoni omwe amakulitsa zomera. Odziwika kwambiri ndi 2,4-D, omwe adayamba kugulitsidwa cha m'ma 1945. Akagwera pa chomera cha masamba otambalala, chimakula mosokonekera, phesi kupindika, mitsempha yake kutsekeka, mpaka chife, pomwe udzu wa mtundu wa kapinga, tirigu kapena chimanga umatsala uli bwinobwino. Kwa mlimi wa tirigu adali mpumulo weniweni, ndipo palibe chifukwa chobisira zimenezo. Koma otsatsa malonda adaona msika wina waukulu pakhomo pa munthu wa m'tauni, ndipo ankafuna mdani woti aliyense amuzindikire ali patali. Dandelion, ndi chikasu chake chowala, ndiye adaikidwa pa botolo. Ngakhale clover, kachomera ka m'gulu la nyemba komwe kale ankakasakaniza dala mu mbewu ya kapinga chifukwa kamawonjezera chonde, kadayamba kutchedwa udzu woipa pa chifukwa chimodzi chokha, chakuti mankhwalawo ankakaphera limodzi.

Ana a anthu omwe ankadya masambawa adakula akuwapopera mankhwala. M'mibadwo iwiri yokha, nzeru ya zaka mazanamazana idazimirira m'makomo ambiri. Zoona, m'munda wa udzu wodyetsa ziweto kapena wa zipatso dandelion akachuluka amalimbirana chakudya ndi mbewu. Koma pa kapinga wa pakhomo palibe chomwe amaononga kupatula kusangalatsa kwa maso a mwini wake.

Chomerachi sichidagonje, ndipo mapangidwe ake ndiwo amachiteteza. Muzu wake ndi umodzi wautali wolowa pansi ngati karoti, ndipo ukaduka pozula, kachidutswa kotsala m'dothi kamaphukanso. Makina otchetchera amadutsa pamwamba pa masamba ake oyala pansi, n'kudula udzu womwe ukadamutchinga dzuwa, choncho wotchetcha kwambiri ndiye amamuthandiza. Mitundu yake yambiri imabereka njere popanda kulandira mungu, moti chomera chimodzi chokha n'chokwanira kudzaza bwalo. Njere iliyonse ili ndi kaambulera ka timaubweya pafupifupi 100, ndipo mu 2018 akatswiri a pa yunivesite ya Edinburgh adaonetsa kuti mphepo ikamadutsa pakati pa timaubweyato imapanga kamvulumvulu kakang'ono pamwamba pake, komwe kamaigwira njereyo m'malere kuti isagwe msanga.

Nkhondo yomwe idabala 2,4-D ndi yomwenso idakweza mbale wake wa dandelion kukhala nkhani ya maboma. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930 dziko la Soviet Union linkasakasaka chomera chotulutsa mphira m'dziko lozizira, kuti lisamadalire mitengo ya mphira ya m'maiko otentha olamulidwa ndi Britain ndi Holland. M'zigwa za m'mapiri a Tian Shan, ku Kazakhstan, akatswiri ake adapeza mtundu wotchedwa kok-saghyz. Pooneka ndi dandelion wamba, koma ukathyola muzu wake wouma n'kuukoka, timaulusi ta mphira timatamuka pakati pa zidutswa ziwirizo. Pofika 1941 anali atadzalidwa pa mahekitala pafupifupi 67,000. Japan atalanda Malaya ndi zilumba za Indonesia mu 1942, gwero la mphira wambiri wa padziko lidatsekeka, ndipo popanda matayala ndege ndi magalimoto ankhondo siziyenda. Mbewu ya kok-saghyz idatumizidwa ku America, ku Britain ndi ku Canada kuti akaiyese.

Ajeremani nawo adailanda m'minda ya Soviet yomwe adalowamo, ndipo apa mbiri ya kaduwaka ili ndi tsamba lomvetsa chisoni. Heinrich Himmler, mkulu wa gulu la SS, ndiye adatenga udindo woyang'anira mphira wa zomera. Ku Rajsko, pafupi ndi ndende yopherako anthu ya Auschwitz, kudakhazikitsidwa malo ofufuzira za kok-saghyz, komwe akaidi aakazi, ambiri mwa iwo ophunzira za sayansi, ankakakamizidwa kudzala, kuyeza mizu ndi kulemba zotsatira. Mmodzi mwa omwe adagwira ukaidi kumeneko mu 1943 ndi mlembi wa ku France, Charlotte Delbo, yemwe adapulumuka. Mphira wopindulitsa sudatulukeko kumeneko.

Nkhondo itatha mphira wa mitengo udabwereranso wotchipa, mphira wopangidwa kuchokera ku mafuta udachuluka, ndipo kok-saghyz adaiwalika. Lero akumukumbukanso. Mphira wachilengedwe pafupifupi wonse umachokera ku mtengo wa mtundu umodzi, womwe oyenda pa msewu wa ku Nkhata Bay amauona pa esiteti ya Vizara, utachekedwa khungwa, kakapu kakulendewera m'munsi. Mtengowu umatenga zaka pafupifupi 7 usanayambe kukamidwa, ndipo minda yake yambiri ili kumwera chakummawa kwa Asia, komwe matenda amodzi a masamba angathe kugwedeza msika wonse. Dandelion amakololedwa chaka chomwecho. Kampani ya matayala ya Continental idatsegula malo ofufuzira za mphira wa dandelion ku Anklam, ku Germany, mu 2018, ndipo chaka chotsatira idayamba kugulitsa tayala la njinga lopangidwa ndi mphirawu.

Pa kapinga napo mphepo yayamba kutembenuka. Mu 1991 tauni yaing'ono ya Hudson, ku Quebec, idaletsa kupopera mankhwala pofuna kungokongoletsa pakhomo. Makampani opopera adakasuma, koma mu 2001 khoti lalikulu la Canada lidagamula mokomera tauniyo, ndipo mu 2009 chigawo chonse cha Ontario chidakhazikitsa chiletso chotere. Ku Britain bungwe la Plantlife lidayambitsa mu 2019 pempho loti anthu asamatchetche kapinga m'mwezi wa Meyi, kuti njuchi ndi tizilombo tina tonyamula mungu tipeze chakudya, ndipo dandelion ndi limodzi mwa maluwa omwe timathamangirako chisanu chikangotha. M'masitolo a zakudya zopatsa thanzi tiyi wa mizu yake akugulitsidwa m'timapaketi tokongola, pa mtengo womwe Susanna Moodie sakadaukwanitsa.

Wowerenga wa ku Dedza kapena ku Chipata nkhaniyi sangaione yachilendo, chifukwa m'munda mwake muli abale a dandelion. Chisoso, chomwe ena amati kanzota, ndi cha banja limodzi ndi iye, chimodzimodzinso mwamunaaligone ndi mpendadzuwa. Chisoso ndi mwamunaaligone kwawo kwenikweni ndi ku America, monga chimanga, ndipo zidafika kuno popanda woziitana. Kwa bambo wopalira, chisoso ndi udzu wokakamira pa buluku ndi njere zake zakuda. Kwa mayi wobwera pambuyo pake ndi nsonga za chitenje atamangamo masamba anthete, ndi ndiwo za madzulo, zotendera nsinjiro, ndipo zotsala amazifutsa n'kuziyanika pamphasa kuti mfutso wake udzathandize m'chilimwe. Jessie Williamson, yemwe adagwira nawo kafukufuku wa kadyedwe ku Nyasaland kumapeto kwa zaka za m'ma 1930, adalemba zomera zoterezi m'buku lake la 1955 la zomera zothandiza za dziko lino: bonongwe, luni, denje, chisoso ndi zina zambiri zomwe palibe adazidzala.

Masiku ano mankhwala opha udzu akugulitsidwa m'misika ya m'maboma ndi m'timasitolo ta zaulimi, ndipo mlimi wosowa aganyu ali ndi chifukwa chomveka chowagulira. Koma botolo silisiyanitsa kaufiti wa m'maso mwa mlimi ndi ndiwo za mumphika wa mkazi wake. Munda wopoperedwa bwino umakhala woyera, ndipo mayi amayenda mtunda wautali kapena kukagula repu pamsika. Zomwe zidachitikira dandelion zikuonetsa kufulumira kwa kuiwala kotereku: mwana amene sadaonepo amayi ake akuthyola chisoso sadzachidziwa ngati chakudya. Alangizi a zaulimi pophunzitsa kapoperedwe akadamanenako mawu amodzi okha, akuti mlimi asiye mizere ingapo kumalire a munda yopalira ndi khasu.

Kwa abale omwe ali ku Leeds, ku Manchester kapena ku Dublin, amene amasowa chisoso mpaka kuchita kuitanitsa mfutso kwa obwera kumudzi: kaduwa kachikasu kali kuseri kwa nyumba kaja n'kodyedwa. Musathyole m'mbali mwa msewu, poyenda agalu kapena pa kapinga wopoperedwa mankhwala, ndipo amene akumwa mankhwala a impso, a mtima kapena osungunula magazi ayambe wafunsa dokotala. Sankhani masamba anthete duwa lisanamasule, muwawiritse pang'ono n'kutaya madzi oyamba kuti kuwawa kuchepe, kenako muphike ndi tomato, anyezi ndi nsinjiro monga mumachitira ndi chisoso.